Gombe, mapiri kapena midzi: mukayende kuti ku England kamera ili m'manja?

Ambiri a ife amene tikukhala ku England timalidziwa dzikoli kudzera pawindo la basi yopita kuntchito: nyumba za njerwa zofanana, sitolo ya pakona, magalimoto. Chonsecho munthu akakwera sitima kwa ola limodzi kapena awiri kuchoka mumzinda waukulu uliwonse, amakapezeka pakati pa nkhosa, pamwamba pa phompho, kapena pamchenga wopanda mapazi a munthu. Malo oti n'kupitako ndi ambiri kwabasi, pomwe tsiku lopuma ndi limodzi, ndalama n'zowerengeka, ndipo galimoto si aliyense ali nayo.

Choncho poyerekeza malowa ndayang'ana zinthu zitatu: kodi sitima imafikako, kodi miyendo ivutika motani, komanso kodi dzuwa limakhala mbali iti. Chachitatuchi anthu amachiiwala, komatu n'chimene chimasiyanitsa chithunzi chokongola ndi chithunzi chotuwa. Kutchuka kwa malo sindikuwerengera kwenikweni.

Poyamba, za kudutsa m'munda wa eni

Ku England ndi ku Wales kuli njira zapansi zomwe lamulo limalola aliyense kuyendamo, ngakhale zikudutsa pakati pa munda wa tirigu kapena m'busa la munthu. Mwini malo saloledwa kuzitseka. Muvi wachikasu pachikwangwani umasonyeza njira ya oyenda pansi okha, wabuluu umasonyeza njira yomwe mungakumanenso ndi okwera pahatchi ndi panjinga. Njira zikuluzikulu za dziko lonse zili ndi chizindikiro cha kachipatso ka mtengo wa oak.

Ufuluwu sunangobwera wokha. Pa 24 Epulo 1932, anthu mazana angapo, ambiri mwa iwo ogwira ntchito m'mafakitale a ku Manchester, anakwera dala phiri la Kinder Scout lomwe eni malo ankalisungira kusaka mbalame. Kunabuka ndewu ndi alonda, ndipo anyamata asanu, kuphatikizapo mtsogoleri wawo Benny Rothman, anatsekeredwa m'ndende. Mu 1949 kunabwera lamulo lokhazikitsa malo otetezedwa a dziko, ndipo mu 2000 kunabweranso lina lolola anthu kuyenda paliponse pamapiri ndi m'madambo ena osalimidwa. Koma musamve ngati paliponse ndi panu. Malo oyenda momasukawo ndi gawo laling'ono la dzikoli. Kwina konse muyenera kutsata njira, ndipo geti mulisiye momwe mwalipezera.

Seven Sisters, kwa amene ali ku London ndi kumwera

Ngati simunayendepo ulendo woterewu ndipo muli pafupi ndi London, yambirani kuno. Sitima yochokera ku London Victoria imafika ku Eastbourne pa ola limodzi ndi theka, ndipo ya ku Seaford mumasinthira ku Lewes. Pakati pa matauni awiriwa pali mtunda wa makilomita pafupifupi 21 wodutsa pamwamba pa maphompho oyera a choko, kuphatikizapo asanu ndi awiri otchedwa Seven Sisters. Mbali yaikulu ya mtundawu ndi chigawo chakumapeto cha South Downs Way, njira ya makilomita 160 yochokera ku Winchester.

Ubwino wake woyamba ndi wakuti simungasochere: mukayambira ku Seaford, nyanja ikhale kudzanja lamanja basi. Wachiwiri ndi wakuti mukatopa muli ndi pothawira, chifukwa basi nambala 12 yoyenda pakati pa Brighton ndi Eastbourne imadutsa pamlatho wa Exceat, pomwe njira imakhotera kumtunda kuti muwoloke mtsinje wa Cuckmere. Musayese kudula njira powoloka pamathiriro a mtsinjewu. Madziwo amaoneka ofatsa koma amathamanga.

Yambirani ku Seaford, osati ku Eastbourne. Chithunzi chodziwika chija, cha tinyumba ta alonda a gombe kutsogolo ndi maphompho asanu ndi awiri atandondozana kumbuyo, chimajambulidwa mutaima ku Seaford Head mukuyang'ana kum'mawa. Ndiye kuti m'mawa dzuwa limakhala kumaso kwanu ndipo chokocho chimaoneka chotuwa. Chimawala bwino masana akapendeka. Apa pali kusankha: mukafuna kumaliza mtunda wonse mudzadutsa pamalopo kuwala kusanakome, mukafuna chithunzi fikani madzulo ndipo muyende theka lokha. Ine ndingasankhe theka. Komanso choko chimanamiza kamera. Pafoni, dinani pathanthwe loyeralo kenaka muchepetse kuwala pang'ono, apo ayi mizere yonse ya m'thanthwemo idzasowa.

Kutsogolo kuli Birling Gap, pomwe pali makwerero otsikira kugombe, kenaka Beachy Head, phompho la choko lalitali koposa mu Britain, mamita 162, ndi nsanja younikira zombo ya mizere yofiira ndi yoyera pansi pake. Gombeli likugumuka chaka ndi chaka. Nsanja ina yakale, Belle Tout, anaikankha yonse kuibweza m'mbuyo mamita 17 mu 1999 kuti isagwere m'nyanja. Mpanda kulibe m'malo ambiri, ndipo udzu wa m'mphepete nthawi zina umakhala utangolenjekeka pansi pake palibe kanthu. Mudzaona anthu atakhala pamphepete penipeni miyendo ili lende, akujambulitsa. Musawatsanzire.

Kuipa kwake: Loweruka lililonse la dzuwa kumakhala khamu, mthunzi kulibe, ndipo kukwera ndi kutsika kasanu ndi kawiri kumawawitsa maondo kuposa momwe mapu akuonetsera.

Edale ndi Mam Tor, kwa a ku Manchester, Sheffield ndi Leeds

Kwa amene akukhala kumpoto, palibe malo otsika mtengo ndi osavuta kufikako ngati awa. Sitima ya pakati pa Manchester ndi Sheffield imaima pamudzi wa Edale, ulendo wosakwana ola limodzi kuchokera mbali iliyonse, ndipo mukangotsika njira zayamba kale. Kuno ndi ku Peak District, malo oyamba kutetezedwa mu 1951.

Pali maulendo awiri osiyana kwambiri. Wofewa ndi wokwera Mam Tor, mamita 517, n'kuyenda pamsana pa phiri kudzera ku Hollins Cross mpaka Lose Hill. Njira yake mbali yaikulu anayalamo miyala, ndipo zigwa ziwiri zimaoneka uku ndi uku. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, usiku kukazizira popanda mphepo, nkhungu imagona m'chigwa cha Hope ndipo inu mumaima pamwamba pake dzuwa likutuluka. Ojambula amadzuka usiku chifukwa cha zimenezi, ndipo mudzawapeza atafola pakageti kamodzi kotchuka. Apitirireni, msana wonsewo ndi wokongola. Pansi pa phirili palinso msewu wakale womwe unasiyidwa mu 1979 chifukwa nthaka inkangogumuka. Phula lake linathyokathyoka ngati masitepe, ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zachilendo zoti n'kujambula m'derali.

Wovuta ndi wa Kinder Scout, mamita 636, kudzera pamakwerero a miyala otchedwa Jacob's Ladder. Pamwamba pake ndi pathyathyathya, dothi lakuda lonyowa lomwe limameza phazi mpaka m'bondo, ndipo nkhungu ikatsika mbali zonse zimafanana. Kumeneku musapite ndi foni yokha. Pa Edale ndi pomwenso pamayambira Pennine Way, makilomita 431 mpaka ku Kirk Yetholm ku Scotland, koma imeneyo ndi ya anthu a tchuthi cha masabata atatu.

Lake District

Aliyense adzakuuzani kuti kuno ndiye kokongola koposa, ndipo sakunama. Koma ndikuika pachitatu chifukwa si malo a tsiku limodzi pokhapokha mukukhala ku Lancashire kapena ku Cumbria, malo ogona ndi okwera mtengo m'chilimwe, ndipo mvula ndi yosaneneka. Kamudzi ka Seathwaite m'chigwa cha Borrowdale kamalandira mvula yoposa mamilimita 3,000 pa chaka.

Phiri lalitali koposa mu England lili kuno, Scafell Pike, mamita 978. Munthu wa ku Malawi akamva zimenezi amaseka, poti mzinda wa Lilongwe uli pamwamba kuposa nsonga imeneyi. Koma kusekako kumathera panjira. Kuno mumayamba kukwera muli pafupi ndi msinkhu wa nyanja, pamwamba pali miyala yokhayokha yoterera, ndipo mphepo yozizira yosakanikirana ndi mvula ikhoza kumufooketsa munthu ngakhale mu Julayi. Komanso kunena zoona, Scafell Pike si phiri la zithunzi. Nthawi zambiri mumakafika pamwamba n'kupeza mtambo.

Wofuna zithunzi apite ku Keswick. Sitima imafika ku Penrith, kenaka basi. Kuchokera ku Keswick, bwato la panyanja ya Derwentwater limakutulani ku Hawes End, patsinde pa Catbells, kaphiri ka mamita 451 komwe ana a sukulu amakwera, koma pamwamba pake mumaona nyanja yonse ndi tizilumba take. Kufupi ndi tauniyi kulinso miyala ya Castlerigg, yomwe anthu akale anaiimika mozungulira zaka masauzande angapo zapitazo, mapiri atazinga mbali zonse. Ndipo ngati miyendo siikufuna chitunda, zungulirani nyanja ya Buttermere, makilomita pafupifupi 7 a njira yosakwera. Fikani m'mamawa mphepo isanayambe, madzi akadali bata, kuti mapiri aonekere m'madzimo. Ku Windermere, komwe sitima imafika mwachindunji kudzera ku Oxenholme, ndi komwe kumadzaza alendo. Basi nambala 555 idzakuchotsaniko kupita ku Ambleside, Grasmere mpaka Keswick.

Mvula ya kuno musaiope kwambiri pa nkhani ya zithunzi. Kuwala kokoma kumabwera mvula ikangokata, dzuwa likaboola mtambo n'kugwera paphiri limodzi ena onse ali mumdima. Tsiku lopanda mtambo ndi labwino kuyenda koma zithunzi zake zimakhala zozizira.

Cotswolds

Midzi ya miyala yachikasu, matchalitchi omangidwa ndi chuma cha ubweya wa nkhosa, timitsinje todutsa pakati pa mudzi. Kuyenda kwake n'kofewa, ndipo ngati mwabwera ndi makolo kapena ana aang'ono, kanjira kochokera ku Bourton-on-the-Water kupita ku Lower Slaughter ndi Upper Slaughter kadzawasangalatsa. Koma pa malo onsewa, awa ndi amene ndingawaike kumapeto. Sitima imafika ku Moreton-in-Marsh ndipo kuchokera apo mabasi ndi apatalipatali, makamaka Lamlungu. Ku Bibury ndi ku Castle Combe mabasi a alendo amakhuthula anthu tsiku lonse, onse akufuna chithunzi chimodzimodzi. Ndipo tinyumba ta Arlington Row ku Bibury timene aliyense amajambula timakhalamo anthu. Kusuzumira pawindo kapena kukhala pakhomo pawo ndi mwano. Njira ya Cotswold Way, makilomita 164 kuchokera ku Chipping Campden mpaka Bath, ndi yabwino kuposa midzi yotchukayo.

Dorset ndi Cornwall: gombe la anthu a masiku angapo

South West Coast Path ndi njira ya makilomita 1,014 yochokera ku Minehead, kuzungulira Devon ndi Cornwall, mpaka ku Poole. Inayamba ngati njira ya alonda omwe ankalondera anthu olowetsa katundu mozemba msonkho, n'chifukwa chake imatsikira m'kagombe kalikonse n'kukweranso. Alondawo ankafunika kuona pansi paliponse. Zotsatira zake, amene amaiyenda yonse amakwera chitunda chokwana pafupifupi kanayi kutalika kwa Everest. Musanyengeke ndi mawu akuti gombe. Makilomita 15 kuno amatopetsa ngati 25 kwina.

Mbali ya Dorset ili pafupi ndi London. Sitima ya ku Waterloo imaima pa Wool, ndipo kuchokera pamenepo ndi basi kapena takisi kupita ku Lulworth Cove. Mukakwera chitunda chimodzi cholimba mumafika pa Durdle Door, thanthwe lobooka loima m'nyanja. M'chilimwe pamakhala anthu osawerengeka. Nthawi yake yeniyeni ndi Disembala ndi kumayambiriro kwa Januwale, pamene dzuwa limatulukira kum'mwera chakum'mawa ndipo kwa mphindi zochepa limaonekera pabowolo. Kum'mawa kwa Lulworth njira imadutsa pamalo omwe asilikali amaphunzirirapo kuombera, ndipo imatsekedwa masiku ambiri apakati pa sabata, choncho funsani kaye. Gombe lonseli, kuchokera ku Exmouth mpaka Studland, linalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2001 chifukwa cha mafupa ndi zigoba za zamoyo zakalekale zomwe zili m'matanthwe ake. Ku Lyme Regis ndi kumene Mary Anning, mwana wa kalipentala, ankafukula zinthuzi m'zaka za m'ma 1800. Ku Charmouth mukhoza kutola zomwe zagwera pagombe, koma kukumba phompho ayi.

Cornwall ndi kutali: maola pafupifupi asanu kuchokera ku London Paddington kukafika ku Penzance. Koma ndi kumene dzuwa limalowera m'nyanja. Pakati pa St Ives ndi Land's End gombe limayang'ana kumpoto ndi kumadzulo, ndipo ku Botallack nyumba zakale za makina a migodi ya tini ndi kopa zinakakamira pathanthwe pamwamba penipeni pa mafunde. Chigawo cha St Ives kupita ku Zennor, makilomita ngati 10, n'cha miyala ndi matope, ena amachita kugwiritsa ntchito manja. Pitani mu Meyi kapena mu Seputembala. Mu Ogasiti, sukulu zikatsekera, mitengo ya malo ogona imakwera mosamvetsetseka.

Northumberland, komwe ndingapite ngati cholinga ndi zithunzi

Kumpoto kwa Newcastle kuli gombe lomwe anthu ambiri amangolidutsa pasitima popita ku Edinburgh. Ndi lathyathyathya, la mchenga wotambalala, ndipo pali malinga akale oima m'mphepete mwa nyanja. Kuchokera kumudzi wa asodzi wa Craster, komwe amawamba nsomba zotchuka, mumayenda makilomita awiri okha paudzu wodyedwa ndi nkhosa kukafika pamabwinja a Dunstanburgh, linga lomwe linayamba kumangidwa mu 1313. Chakumpoto kuli Bamburgh, linga lalikulu lokhala pathanthwe, lomwe limaonekera mumchenga wonyowa madzi akaphwa. Kuyambira Meyi mpaka Julayi maboti a ku Seahouses amapita kuzilumba za Farne kukaona mbalame za milomo yamawangamawanga zotchedwa puffin.

Gombeli limayang'ana kum'mawa, ndiye ndi la anthu olawirira. Mu Juni dzuwa limatuluka cha m'ma 4:30 m'mawa, zomwe n'zozunza. Mu Okutobala kapena Febuluwale limatuluka pa nthawi yoti munthu wamwa kale tiyi, ndipo limayenda motsika tsiku lonse, kuwala kukhala kofewa mpaka madzulo. Kuzizira kokha ndiye konzekerani.

Pali chinthu chimodzi choti ife amene sitinakulire kunyanja yamchere tichimvetse bwino. Madzi a kuno amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imasuntha tsiku lililonse. Chilumba cha Lindisfarne, komwe mmonke Aidan anakhazikitsa nyumba ya amonke mu 635 ndipo ma Viking anadzaiukira mu 793, chimafikika pamsewu womwe umamira kawiri pa tsiku. Nthawi zowolokera zimalembedwa pazikwangwani ndi pa intaneti, komabe chaka chilichonse pamapezeka oyendetsa galimoto okakamira amene amathera m'kanyumba kothawirako komangidwa pamwamba pa mitengo pakati pa msewuwo, galimoto itamira. Zomwezi zimachitikanso pansi pa maphompho a Seven Sisters ndi ku Cornwall: munthu atanganidwa ndi kujambula, potembenuka apeza njira yobwerera yatsekedwa ndi madzi. Zikatero imbani 999 ndi kupempha Coastguard, opulumutsa anthu panyanja. Mukavulala kuphiri, nambala ndi yomweyo, pemphani apolisi kenaka opulumutsa anthu kumapiri.

Vuto la Northumberland ndi mayendedwe. Sitima imaima ku Alnmouth ndi ku Berwick-upon-Tweed, koma mabasi a m'mbali mwa gombe ndi ochepa, ndipo palibe basi yokufikitsani pagombe dzuwa lisanatuluke. Muyenera kugona ku Seahouses, Bamburgh kapena Craster komweko, kapena kusonkherana ndi anzanu a galimoto.

Za thumba, zovala ndi nyengo

Tikiti ya sitima yogula pa tsiku la ulendo imakhala yokwera mtengo kwambiri poyerekeza ndi yogula masabata angapo m'mbuyo. Khadi ya Railcard imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo; ilipo ya achinyamata, ya anthu awiri oyenda limodzi, ya banja, ndi ina ya dera la kum'mwera chakum'mawa. Malo ogona a YHA, bungwe la mahositelo a apaulendo, alipo ku Edale, Keswick ndi m'madera ambiri a gombe, ndipo ali ndi khitchini yoti mudziphikire nokha. Kumanga tenti paliponse popanda chilolezo cha mwini malo sikuloledwa mu England, kupatula mbali zina za Dartmoor.

Musawononge ndalama pa kamera musanagule nsapato zosalowa madzi ndi jekete la mvula. Jinzi ikanyowa siuma ndipo imazizira. Mapu abwino ndi a Ordnance Survey a chikuto cha olenji, omwe amaonetsa ngakhale mipanda ya minda. Alinso pafoni, koma akopereni muli kunyumba chifukwa m'zigwa netiweki imasowa. M'busa momwe muli ng'ombe zoyamwitsa yendani cha m'mbali mwakachetechete. Mukadutsa m'maudzu aatali m'chilimwe, dzifufuzeni nkhupakupa madzulo, poti zina zimafalitsa matenda a Lyme. Ndipo amene muli ndi drone dziwani kuti pamalo a National Trust, omwe ndi eni mbali yaikulu ya magombe ndi mapiri ndatchulawa, siiloledwa kuuluka popanda chilolezo.

Ena amafunsa ngati munthu wakuda amalandiridwa kumidzi kumeneku. N'zoona kuti nthawi zambiri mudzakhala nokha wa khungu lanu panjira yonse, ndipo m'mapabu ena a kumudzi mitu imatembenuka mukalowa. Koma panjira anthu amapatsana moni, mosiyana ndi mumzinda, ndipo mukafunsa njira amaima n'kukulongosolerani mpaka kutopa nazo. Ngati simukufuna kuyamba nokha, bungwe la oyenda pansi la Ramblers lili ndi magulu pafupifupi m'dera lililonse, ndipo kuli magulu ngati Black Girls Hike, lomwe linayambira ku Manchester mu 2019.

Nyengo imasintha chisankho chonse. Kumapeto kwa Epulo ndi kumayambiriro kwa Meyi nkhalango zimayala maluwa abuluu pansi, ndipo ana a nkhosa ali ponseponse. Kumapeto kwa Ogasiti mapiri a Peak District amasanduka ofiirira ndi maluwa a heather, makamaka ku Stanage Edge pamwamba pa Hathersage, siteshoni ina ya njanji yomwe ija ya ku Edale. Mu Juni kumada cha m'ma 9:30 usiku, mwakuti wotuluka kuntchito masana akhoza kukwera sitima n'kuyendabe maola anayi. Mu Disembala dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko, choncho ulendo wa Seaford mpaka Eastbourne sungatheke pokhapokha mutanyamuka m'bandakucha, ndipo tochi ikhale m'chikwama, osadalira ya pafoni yomwe batire yake yatha kale ndi kujambula.